Mapazi Pabwalo Lopanda Fumbi

Sitolo yanga ilibe chitseko,
ilibe khonde lousapo mvula, ilibe galu.
Imakhala m'foni, kuno kwa Kamwendo,
ndipo ndimagulitsamo chiponde cha mtedza wa chalimbana
m'mabotolo a zivindikiro zofiira.

Chowerengera alendo chakale chinali kondakitala waulesi,
chongowerenga mitu.
"Lero alowa mazana atatu."
Ine n'kuvina pang'ono kuseri kwa matumba,
koma pofika madzulo
mabotolo awiri okha ndiwo atuluka.
Enawo alowera kuti? Chinkangoti duu.

Zaithwa adabwera pa kabaza kuchokera pa Boma,
laputopu yong'aluka pakona ili m'chikwama cha kusukulu.
Magetsi adazima. Bandulo idatha kawiri.
Iye osatekeseka, kumangobzala timizere ta zilembo
pansi pa tsamba lililonse
ngati wothira mbewu m'phando.
Adati, "Mayi, uku n'kusesa bwalo madzulo
kuti m'mawa muone amene wadutsa."
Pakhomo adaikapo mawu ochepa:
Tikuwerenga mapazi anu, kodi mwalola?
Wokana azidutsa, sitimulondola.

Patatha sabata choonadi chidafika chopanda mchere.
Mwa mazana atatu aja
zana lonse ndi maloboti, alendo opanda pakamwa,
onunkhiza tsamba n'kupita.
"Nanga makumi anayi awa, ochokera foni imodzi?"
Zaithwa adaluma mlomo kubisa phwete.
"Amenewo ndinu nomwe, mayi."
Ndinkadzichezera ndekha, n'kudziwombera m'manja.

Otsalawo ndidawaona bwino tsopano.
A ku Chipata amalowa nthawi ya nkhomaliro.
A ku Lilongwe amabwera pakutha pa mwezi, ali ndi changu.
Ambiri amatopa pa chithunzi changa chachikulu chija,
chotseguka ngati ngolo m'matope a ku Mkanda.
Ena amanyamula dengu, kuikamo mabotolo atatu,
kuyenda mpaka pa mtengo wotumizira,
n'kulitula pomwepo, osatsanzika.
Madengu osiyidwa ali mbwee,
ngati pamsika mvula ikagwa mwadzidzidzi.

Chithunzi tidachipeputsa.
Batani lolipirira, lomwe linkabisala m'mafoni ang'onoang'ono,
tidalikokera poyera.
Mtengo wotumizira tidaunena poyamba pomwe,
munthu asanavule nsapato.
Mabotolo adayamba kutuluka asanu, tsiku lina khumi ndi awiri.

Koma pali kadontho kamodzi pa mapu
kamene sindidauze munthu.
Kamayaka ku Joni, Lachisanu lililonse,
cha m'ma thuu koloko usiku.
Sikapita pa mitengo. Sikanyamula dengu.
Kamalunjika pa tsamba la "Ndife ndani",
pomwe pali chithunzi cha mtondo wa malemu amayi
utatsamira mtengo wa mango wa kwathu,
n'kuima pamenepo mphindi zisanu ndi ziwiri.

Mlongo wanga Lingisoni adakwera basi ya ku Joni
chaka chomwe Bua adasefukira mpaka m'madimba.
Foni yake idaleka kulira kalekale.

Ndidafunsa mozungulira, ngati nkhani ya wina:
"Kodi makinawa angatchule dzina la munthu?"
Zaithwa adapukusa mutu.
"Amawerenga mapazi, mayi, nkhope saona.
Ndipo ndi bwino choncho."
Ndidavomera. Angakhale aliyense.
Achewa ku Joni ndi ambiri,
ndipo mtondo uliwonse umafanana ndi wa amayi a wina.

Komabe Lachinayi lapitali ndidasintha mawu pansi pa chithunzicho.
Ndidalemba kuti: Mango aja akubalabe.
Denga tidafolera malata.

Loweruka m'mawa, ndisanatsuke m'maso,
ndidatsegula ziwerengero.
Alendo enieni makumi asanu ndi anayi.
Madengu osiyidwa asanu ndi limodzi.
Joni, thuu koloko:
mphindi makumi awiri ndi zitatu.

Ndidazimitsa foni, n'kupita kukakazinga mtedza,
chifukwa a ku Chipata aitanitsa katoni yonse.