Doko la pa Pepala

Tinawapeza titanyamula matiresi
tsiku lachitatu maliro atatha:
mapepala asanu ndi awiri, okulungidwa ngati mkeka,
omangidwa ndi mphira wa njinga.
Zaka zonsezi bambo ankagonera pa iwo
m'kachipinda kawo ku Sadzi,
ife osadziwa.

Kuntchito ankajambula zimene awauza:
ngalande, zimbudzi za pasukulu,
khonde la ofesi ina ya njerwa zofiira kumtunda kwa tauni,
wina n'kubwera kudzasaina pamwamba.
Koma apa, pakona ya pepala lililonse,
dzina lawo laima lokha:
D. Nampuntha. Doko la Kachulu.

Taonani mzinda umene sitinaumvepo.
Mlatho wolowa m'nyanja ngati chala choloza ku Chisi,
nsanja ya nyali yoitana asodzi usiku
(chiswe chinadya theka lake),
msika wa matemba, denga lake lotukuka kuti fungo lipume,
masitepe khumi ndi anayi otsikira kumadzi,
ndawawerenga kawiri.
Ndipo anthu, tianthu tating'ono ngati njere za mpunga.
Mmodzi wasenza dengu, phewa lamanzere lotsika pang'ono.
Ameneyo ndi amayi.
Sindifunsa aliyense.

Mu Okutobala ndinakwera galimoto ya matola,
mpukutu uli pamiyendo, fumbi lili m'mano.
Ku Kachulu nyanja inali itasamuka.
Mabwato atagona chammbali ngati ng'ombe zodwala,
matope atang'aluka mpaka kumene maso alekera,
njedza zouma zikulira ndi mphepo.

Che Ajibu anatsamiritsa mponda wawo pa bwato,
napukuta manja m'malaya asanagwire pepala.
Analiyang'ana chozondotsa, ndinawatembenuzira.
Madzi anawaika pati? anafunsa.
Ndinaloza mzere wa buluu.
Anaseka mpaka kutsokomola:
Nyanja ino, mayi, sinasainirepo pangano ndi munthu.

Ndinafuna kukulunga ndizipita.
Manyazi a mwana wa munthu wolota
amatentha kuposa matope a masana.

Koma chala chawo, chong'aluka ngati dothi lomwelo,
chinali chitaima penapake.
Nanga uwu?
Mzere wina, wa timadontho, kutali ndi woyamba.
Ndi wachitatu, kutali kwambiri, pensulo yake yofooka,
pafupi ndi mphepete mwa pepala.
Pansi pa mlatho panalibe zipilala.
Panali migolo, yomangidwa iwiriiwiri,
ndi tizilembo topendekera ta bambo:
madzi akathawa, doko liwatsate.

Che Ajibu sanasekenso.
Anayenda kulowa m'nyanja youma, akuwerenga mapazi mokweza,
anachepa, anachepa,
mpaka anafanana ndi tianthu ta papepala,
kenako anakweza dzanja.
Atabwerera anangoti:
Chaka chimene ndinakwatira, anafika pamenepo.
Bambo anuwo anali a kuno?

Anabadwira ku Chisi, ndinatero,
koma sankakamba za kwawo.
Ankangoti akamva mvula ikutsika m'phiri
amazimitsa wailesi.

Mphepo inadzuka, mapepala anafuna kuuluka.
Tinawapsinja ndi zibuma za pansi pa nyanja,
asanu ndi awiri onse, pa bwato lozondoka.
Ana anabwera, amayi ogulitsa mlamba wowamba anabwera,
wina anati msikawo wachepa,
wina anati masitepe achuluka kwa okalamba,
anakangana ngati mawa lomwe amanga.
Kamnyamata kena kanafunsa nyumba yakwawo ili pati.
Ndinati sindikuiona.
Kanapempha pensulo.

Ndinali nayo m'chikwama, ya bambo,
yaifupi, yolumidwa kumapeto.
Ndinazengereza kanthawi.

Pepala lachinayi tsopano lili ndi nyumba yokhota,
yaikulu kuposa nsanja ya nyali,
chitseko chake chikuyang'ana
kumene madzi adzachokere.