Mpando Wakumbuyo

Tatuluka m'Rufaro ngati ochokera kumanda,
mbendera zopinda m'khwapa,
mavuvuzela ali ziii ngati mipope ya madzi ya kwathu ku Mabvuku.
Ziwiri kwa chimodzi. Pakhomo pathu pomwe.

Kombi ya anthu khumi ndi asanu
yameza khumi ndi asanu ndi anayi,
ndipo aliyense ndi kochi.
Kondakitala, theka la thupi lili panja,
akuti iye akanayika otchinga kumbuyo asanu.
Dalaivala wasiya chiwongolero
kuti atijambulire m'malere mmene kona imamenyedwera.

A Jailosi Kamtedza, amene phazi lawo silinagundepo chikopa
chichokereni ku mgodi wa Arcturus,
ayala zitsekerero za mabotolo pabondo:
"Uyu apa. Uyu apa.
Nanga nambala naini umamutulutsa bwanji
mwana akadali ndi moto m'miyendo?"
Pa Msasa kombi yagwa m'dzenje,
timu yawo yonse yamwazikira kunsi kwa mipando.
Palibe waseka.

Mayi wa chidebe cha mazira owiritsa
akuti iye sanaonere, anali kugulitsa kunja kwa geti,
koma phokoso lokha linamuuza kuti munthuyo alibe mutu.
Mnyamata wa jezi yong'ambika paphewa
wabetcha ndalama ya lendi.
Akuwerenga zala, akuyambiranso.

Zotukwana zayamba m'Chishona,
zafika pa Chinyanja,
pakuti mkwiyo ukakula umabwerera kwawo.
Atukwana chipewa chake, mimba yake,
kabuku kaja amalembamo ataima pamzere.
Kenako atukwana amayi ake.

Ine ndili kumbuyo, pakona,
bondo la munthu wina lili m'nthiti mwanga.
Amayi akewo
ndi amene anandibereka ine.
Pano agona ku Tafara, wailesi ili pa pilo,
mwina azimitsa, mwina batire lawachitira chifundo.

Ndikanatha kunena:
Lameki ameneyu ndinamusokera ndine kabudula woyamba
pa makina a malemu bambo,
akuthamangitsa mpira wa mapulasitiki kuseri kwa holo.
Ndikanati: miyezi itatu sanalandire.
Amameza mapiritsi awiri m'mawa uliwonse,
ndipo usiku amasuntha mchere ndi masupuni patebulo
mpaka mlamu wanga kumulanda.

Sindinanene.

A Jailosi andigunda ndi chigongono:
"Nanga inu atelala, mwangoti duu?
Achoke kapena asachoke?"
Maso onse acheukira kumbuyo,
ngakhale a dalaivala pagalasi.
Ndamva pakamwa panga pakuyankha pokha:
"Achoke."
Kombi yonse yavomera ngati mpingo.
Wina wandipatsa dzira laulere.

Ndatsikira pa Kamunhu, magetsi kulibe.
Dziralo likadali m'thumba, lofunda ngati mlandu.
Agalu akuuwa, majenereta akutsokomola,
m'bawa wina akufotokozabe penate
imene woyimbira anaimeza pamodzi ndi wezulo.

Ndaimba foni.
Yalira kasanu.
"Achimwene," mawu ake aphwa ngati tayala,
"amayi amva?"
Ndati sindikudziwa.
Ndati wadya? Ndati mpira umatero,
Lamulungu lina likubwera,
anthu amaiwala, usawamvere,
akudziwa chiyani anthu a m'kombi.

Tonse chete.
Kumbali kwake ndikumva basi ya timu ikubuma,
palibe woimba nyimbo.

Ndayesa kumeza, lakana kutsika.
"Koma Lameki, iwe,
nambala naini uja
unamutulutsiranji?"