Mwana Nambala 217

Magetsi azima cha m'ma teni usiku.
Ndadzambatuka mtima uli pa firiji,
osati yakunyumba, mongokhala theka la kabichi,
koma ija ya ku labotale, kuseri kwa chipatala,
momwe mwagona magazi a ana a ku Lungwena,
timabotolo zikwi zinayi,
zaka khumi, zisanu ndi ziwiri.

Wakabaza wanditchaja mtengo wausiku.
Mlonda, Che Ndembo, akundiunikira ndi foni
ine ndikukoka chingwe cha jenereta.
Kachisanu ndi kamodzi yatsokomola, yavomera.

Bambo anga anatsikira kulichete osaimvetsa ntchitoyi.
Ankati, dokotala wanji wosabaya jakisoni,
wosalembera munthu ndi panado yemwe?
Ndinkati ndimawerenga asilikali a m'thupi.
Iwo amvekere, ukawawerenga umawalipira?

Za Sumani sitinkazikamba.
Tinabadwa tsiku limodzi, iye patsogolo, ine pambuyo.
Mphasa imodzi, udzudzu womwewo,
thupi kutentha sabata yomweyo.
Ine ndinadzuka n'kupempha phala.
Iye anapita naye kumanda dzuwa lisanapendeke.

Funso langa lonse ndi lomwelo:
m'magazi mwanga munali chiyani
chimene mwa iye munalibe?
Ndaliveka mawu ataliatali a Chingerezi,
ndalituma kunja kukapempha ndalama,
kawiri konse labwerako ndi kalata yokana mwaulemu.
Kachitatu anatipatsa zogulira firijiyi.

M'mawa maso ali psuu, kalasi ya eyiti koloko.
Fani sikuzungulira, choko chikuthyokathyoka.
Thupi limakumbukira, ndikuwauza.
Mdani amene linalimbana naye lili khanda
limamudziwa ngakhale abwere atasintha malaya.
Koma malungo ndi kamberembere,
amabwera ndi malaya ena mvula iliyonse.
Ena akulemba. Wina kumbuyo akusinza,
sindikumudzutsa, nanenso ndikadakonda.

Onse atatuluka watsala Twaibu,
uja sayankhula, wolemba ndi dzanja lamanzere.
Watulutsa kakhadi kachikasu, kodyeka m'mbali,
akuti wakapeza m'sutikesi ya amayi ake
pansi pa nsalu za pa Idi.
Ndazindikira zilembo zanga, za ndili mtsikana: 217.

Akuti, munkabwera pagalimoto yoyera.
Anthu ankati ndinu anamapopa,
amalume anabisa ana awo m'munda wa chinangwa.
Amayi okha anandigwira mkono n'kuutambasula.
Ndinalira, munandipatsa bisiketi.
Kenaka wafunsa motsitsa mawu
ngati wofunsa za m'bale amene ali m'ndende:
magazi angawo akadalipo?

Shelefu yachitatu, bokosi lachisanu ndi chinayi.
Ndamuveka magolovesi awiriawiri.
Chitseko chatseguka, nkhungu yatigwera kumapazi,
kuno ku Mangochi, mwezi wa Okutobala.
Wanyamula kabotolo kochepa ngati chala chakanise,
mnyamata wa ndevu zake
wagwira mwana wa zaka zitatu
amene malungo anamugwetsa kanayi, osamutenga.

Akuti, ndiye mwapezamo chiyani?
Ndati, pang'ono. Zambiri sindikuzidziwa.
Bwezeramo msanga, kangasungunuke.

Wabwezera, watseka, koma sakuchoka.
Ndamukokera mpando wa pa maikolosikopu,
uja wopendama mwendo umodzi.
Panja Che Ndembo akugogoda pawindo
kuti dizilo watsala wa masiku awiri.