Nkhumba ya Ubatizo

Crisanto anatumiza ndalama kuchokera ku Doha,
thukuta la miyezi inayi pamwamba pa nyumba za eni,
nati: Mwana wanga asabatizidwe ndi nsomba zouma.
Gulani nkhumba yathunthu, aiwotche pa nsungwi,
Iloilo yense adziwe kuti Amihan ali ndi bambo.

Tinawotchadi.
Chikopa chake chinafiira, chikuthetheka pa mano.
Alendo anadya choimirira, mafuta akutsika m'zigongono,
yotsalayo inagona pa tebulo pakhonde
kuyambira dzuwa lili paliwombo
mpaka belu la tchalitchi litaitana amadzulo,
itafunda masamba a nthochi,
ntchentche zikufika ngati abale ochedwa.

Usiku womwewo namondwe anagwetsa mapolo a magetsi.
Filiji inasiya kung'ung'udza.
Ine ndinali nditaunjikamo nyama yonse m'beseni limodzi,
ndipo ndinaikhulupirira filijiyo
monga timakhulupirira mlonda
osadziwa kuti wagona kalekale.

Tsiku lachiwiri ndinanunkhiza.
Mphuno inati palibe mlandu.
Ndinatsina kachidutswa, lilime linavomereza.
Gasi anali atatsala wa tiyi yekha,
ndiye ndinangofunditsa,
kuthirako viniga, adyo ndi shuga pang'ono.
Pakati pa mnofu panali zii,
ndinapamva ndi chala, ndinakhala chete.

Teofilo, wa zaka zisanu ndi chimodzi,
anatambasula mbale kawiri.
Ndinasekerera. Mwana wakudya ndi nyimbo kwa mayi.

Tambala asanalire ndinamva kubuula.
Ndinamupeza atadzipinda ngati nkhanu pamphasa,
wasanza mpaka ndulu,
m'mimba mukutsegula ngati mpopi wothyoka,
milomo yauma gwaa, maso alowa.
Manang Consolacion anadzutsa mwamuna wake,
tinakwera njinga yamoto ya matayala atatu
madzi a mumsewu akumenya m'maondo,
Amihan ali pachifuwa, Teofilo ali pamiyendo,
wopepuka ngati mtolo wa zochapa.

Namwino anapachika diripi pa msomali,
akuunikira mtsempha ndi tochi ya foni.
Sanandikalipire. Bola akanatero.
Anangofunsa: Inakhala panja maola angati?
Ndinayamba kuwerenga zala, ndinalekera panjira.
Anati: Kutentha kwathu kuno, ola limodzi ndi lokwanira.
Filiji yopanda magetsi ndi kabati chabe
akangodutsa maola anayi.
Tizilombo timeneti sitinunkha, mayi,
ndipo tina timasiya poizoni
amene ngakhale moto sumuchotsa.
Tsiku lina muzidula timagawo, muziika m'mbale zosaya,
izizire msanga.
Mukakayika, tayani.

Tayani.
Mawuwo ndi opepuka m'kamwa mwa amene sanaigule.

Titabwerera ndinapeza theka la nkhumba likundidikira.
Ndinaliyang'ana, ndinaona masiku:
ntchafu iyi ndi masabata atatu a simenti,
nthiti izi ndi Lachisanu lililonse limene sanapume,
mutu uwu ndi nsapato zimene sanadzigulire.
Linali lisananunkhebe.
Linali lokongola ndithu.

Ndinakumba kuseri, pafupi ndi mtengo wa mango,
dzenje lakuya loti agalu asafukule,
ndinakhuthuliramo zonse, ndi msuzi womwe.
Dothi lonyowa linandikakamira ku fosholo.
Beseni ndinalitsuka katatu ndi madzi owira.

Madzulo foni inalira.
Nkhope ya Crisanto inali yodukaduka, fumbi lili m'nsidze.
Anthu anakhuta? Yatsalako?
Ndinati anakhuta.
Ndinati yatha.
Zinazo ndidzamuuza akadzabwera, titakhala pansi.

Kuchipinda Teofilo anaitana ndi mawu osasa,
akufuna phala la mpunga, lopanda kanthu.
Ndinabwereka makala kwa Manang.
Ndinaima pamenepo, chikombe m'manja,
mpaka linabwata, linabwatanso,
nthunzi ikundiwotcha m'maso.