Ulendo wa Pachipinda

Tinachikweza anthu anayi masitepe a fulati ku Rosettenville,
ine, Malizani ndi anyamata awiri a ku Beira
amene tinawalipira mabanzi ndi zoziziritsa kukhosi.
Chinali cha abwana ake a Nasuluma ku Randburg.
Anatopa nacho, ankangoyanikapo matawulo.
Nasuluma anati, tengani, bondo lanu lija.

Bondo langa lija.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pampando,
kupalasa makina osokera,
kukulitsa mathalauza a anthu amene Joni wawakomera,
osaona kuti yanganso yasiya kutseka batani.
Ku chipatala cha South Rand
sisita Rampedi anayang'ana pepala, anayang'ana mimba yanga,
nati shuga wakwera, madala, muziyenda,
koma musathamange, mafupa akukhulana.

Ndiyende kuti?
Pakona paja anandilanda foni dzuwa lili paliwombo.
Kutsidya kuja kumaima galimoto ya ofunsa mapepala.

Ndiye ndimayenda pano,
pakati pa bedi ndi filiji,
mbandakucha, tisanatsegule makatani.
Zopondapo ziwiri, zazikulu ngati mbale zotengera ndiwo pamaliro.
Ndodo ziwiri zopatsana mpata,
iyi ikapita iyo ikubwera.
Phazi silinyamuka, silimenya pansi,
limangozungulira, kuzungulira,
monga tinkawolokera Bua madzi ali m'chiuno,
mtsinje ukutinyamulira theka la thupi.
Bondo limayamba ladandaula,
kenako limaiwala mlandu wake.

Tsiku loyamba ndinatha mphindi zinayi
ndipo ndinatsika ngati mlendo wolawa kachasu.
Zione, mwana wanga, anaseka mpaka kukhala pansi:
adadi, thukuta lonseli, muli pompo?

Ndili pompo, inde.
Koma kagalasi kapatsogolo kamawerenga makilomita,
ndipo ine ndimawalemba
m'kope momwe muli miyeso ya ziuno za makasitomala.
Awiri. Atatu ndi theka. Lamulungu asanu.
Ndikawonkhetsa ndimawayala pamsewu wa kumpoto.
Pitoliya ndinamudutsa mwezi wa Meyi,
chisanu chikuluma zala pandodo.
Polokwane ndinalowa magetsi atathima,
pakuti chinthuchi sichidikira magetsi,
chimadya mwendo wa mwini wake.
Lero ndili m'mapiri a Makhado,
ndikumva kale kutentha kwa Musina pankhope.

Pa Beitbridge sindidzatsika.
Palibe adzandiuze kuti ndiime pamzere,
palibe adzanyowetse chala kutsegula pasipoti
kufuna masiku amene ndinapyola.
Harare, Nyamapanda, mlatho wa Tete,
ndidzangodutsa ndili ndi vesiti ndi kabudula.

A Mthethwa a pansipa amagogoda denga ndi tsache
gudumu likayamba kulira ngati nkhanga.
Ndimathira mafuta a makina osokera, dontho limodzi,
ndi kupepesa pamasitepe m'Chizulu changa chothyoka.
Dzana anandifunsa ngati angadzayeseko.
Nawonso ndi chiuno.

Sabata yatha batire linatha mphamvu,
kagalasi kanachita khungu pakati pa ulendo.
Ndinapalasabe, kuwerenga ndi mpweya,
ndipo m'kope ndinalemba atatu,
ngakhale mtima ukudziwa kuti anali awiri.
Ndani sanabepo njira yachidule popita kwawo?

Nasuluma akuti lamba wabwerera bowo limodzi.
Sisita akuti pitirizani.
Zione watenga foni, wawerengera,
akuti pa liwiro limeneli
ndidzafika ku Mponela chaka cha mawa mvula itagwa.
Amayi akadalipo, maso okha ndiwo apita.
Ndikafika sindidziwa ndidzatani,
poti chinthuchi chilibe poimikira pakhomo pa munthu.

Nthawi yakwana. Madzi a tiyi awira.
Pali diresi la ukwati lofunika pofika Lachisanu,
ndipo mwini wake wanenepanso.