Zimene Zinatsala pa Tebulo ku Colchani

Casilda analemba mndandanda usiku wonse,
zinthu makumi anayi ndi ziwiri,
chilichonse nachichonga ndi pensulo yofiira.
Pepalalo tinanyamula bwinobwino.
Machesi ndiwo anatsala pa tebulo,
iwo ndi supuni zathu ziwiri.

Tinazindikira dzuwa litapendeka,
tili pakatikati pa chigwa cha mchere,
poyera mbee, popanda ngakhale mtengo woti tiudandaulire.
Ndinakhuthula chikwama changa, iye anakhuthula chake.
"Womaliza kutuluka unali iwe, Nemesio."
"Wa pensulo unali iwe, mlongo wanga."
Mphepo sinalowerere mlanduwo.
Inangotilanda chipewa chimodzi n'kumapita.

Usiku umenewo tinaviika mpunga m'madzi ozizira,
n'kumaukukuta ngati mbewa.
Mchere tinkangopala pansi ndi chikhadabo.
Umenewo wokha sitikanatha kuuiwala:
tinaugonera, tinautsamira,
unatilowa m'ming'alu ya milomo.

M'mawa ndinapukuta pa malaya
kachitsulo kochotsera tayala.
Ndiko kanasanduka supuni ya banja lonse.
Nsomba za m'chitini zinkamveka girisi,
koma mimba siifunsa.

Tsiku lachitatu mchere unatha, miyala inayamba.
Tayala lakumbuyo linapuma mpweya wake womaliza, fwee.
Zigamba zinalipo zisanu ndi chimodzi,
guluu ndiye anali atauma gwa m'kachubu kake
kuyambira chaka chija bambo ankapalasabe njingayi.
Casilda sanandinyoze.
Anagwada n'kuyamba kuzula udzu wobaya wa m'mapiri,
ine ndikuupinda, ndikuukanikiza m'tayala,
pamwamba pake sokosi zanga zosinthira,
mpaka linatupa ngati lamoyo.
Linkayenda motsimphina, gu, gu, gu,
msana wanga ukuwerenga mwala uliwonse.

Madzi tinayamba kuyeza ndi chivundikiro cha botolo.
Zitatu iye, zitatu ine.
Ndinamuona akudzaza changa mpaka pakamwa,
chake akusiya theka.
Ndinangoyang'ana phiri.
Mawa lake ndinayeza ndine.

Kenako utsi, woonda ngati ulusi,
kuseri kwa khola la miyala.
Kamtsikana koweta malama, Yovana dzina lake,
zaka mwina khumi ndi ziwiri, masaya osweka ndi chisanu.
Kanatilozera kasupe osafunsa kanthu,
pakuti madzi sagulitsa.
Za machesi ndiye kanakhala pansi.
Ndalama kanakana: "Ndikagula nazo chiyani kuno?"
Shuga kananunkhiza, n'kubweza.
Maso ake anali pa belu la njinga ya Casilda.

Belu limenelo anamugulira ndi malemu mwamuna wake.
Sindinanene kanthu. Si ine ndinali woti ndinene.
Casilda analiza kamodzi, ngrii,
phokoso n'kukagunda phiri n'kubwerako,
ndipo anapempha sipanala.

Machesi asanu ndi awiri, owerengedwa m'manja mwanga
limodzilimodzi, ngati malipiro a mwezi.
Kanawonjezapo ndowe zouma za malama zodzaza chipewa
ndi mbatata zinayi zakuda, zoumitsidwa ndi chisanu.
Loyamba mphepo inadya.
Lachiwiri linathyoka.
Lachitatu tinalizinga tonse atatu ndi matupi athu
ngati mwana wobadwa masiku asanakwane,
ndipo linagwira.

Tiyi wake sindingamufotokoze.
Anali madzi otentha chabe ndi masamba a koka,
m'chitini chonunkha nsomba.
Casilda anamwa atatsinzina.

Kutacha anatulutsa pepala lija,
nayang'ana manambala ake onse ofiira,
n'kuling'amba pakati kuti tikolezere moto.
Theka linalo anasunga, sindikudziwa chifukwa chake.

Tinakwera chitunda tikukankha njinga,
machesi atatu ali m'thumba la pamtima,
San Pedro de Quemes akadali masiku awiri.
Kumbuyo kwathu, kutali m'munsi,
belu linkalira, kulira, osaleka,
popanda woti apatuke panjira.