Lachiwiri Lililonse

Baraka langa lili kuseri kwa msika wa pa Ulongwe,
kuseri kwenikweni, komwe msewu umatopa
n'kusanduka kanjira ka mbuzi.
Chikwangwani ndinalembetsa ndithu:
ZEFERINO, DOKOTALA WA NJINGA ZAMOTO.
Ankachiwerenga ndi fumbi.

Cremilda, mwana wa mlongo wanga, anabwera kuchokera ku Tete
ndi foni yong'aluka galasi.
Malume, si kuti anthu sakufunani.
Sakudziwani.

Ndinamupatsa ya mamega.
Tinajambula mateyala, maunyolo, mapulagi onyezimira,
mtengo pansi pake, n'kuponya.
Anaona anthu khumi ndi mmodzi.
Asanu ndi anayi anali achibale.
Wina anafunsa ngati ndimakongoza.

Mukufuula ngati wogulitsa mankhwala a makoswe m'shapa,
anatero mwanayo osandiyang'ana.
Auzeni zimene mumadziwa.

Zimene ndimadziwa?
Ndiye ndidye chiyani?
Zaka zisanu ndi ziwiri pa Moatize
ndinkagwirira nyali bwana wa galaja
amene akafika pa kabuleta ankandituma ndudu.
Nzeruyi ndinaiba ndi ngodya ya diso.
Ndinkaisunga ngati sipanala ya nambala teni,
ija imasowa ukangotembenuka.

Koma Lachiwiri lina kunagwa mvula ya tsiku lonse,
m'kabati munalibe ngakhale metikali,
ndipo ndinayankhula.

Njinga ikati khe-khe-khe m'mawa wa Juni
musaitukwane, ndi chisanu cha kuno ku Angonia,
ipatseni kamphindi.
Ikati tswii potsika chitunda, ndi mabuleki,
musadikire kuti mugulitse kaye kachewere.
Unyolo ukalendewera kupitirira zala ziwiri, ukokeni.
Ndipo matumba anayi, abale anga,
ndi katundu wa ngolo.

Lachiwiri lililonse.
Mawu anga, manja anga akuda oyilo, nkhope ayi.
Makumi anayi. Makumi atatu. Makumi asanu ndi awiri.
Cremilda ankawerenga ngati namwino
wogwira dzanja la wodwala.

Ena anayamba kudzikonzera okha, ndinawaona akudutsa.
Anastácio wa patsidya pa msewu
anayamba kulankhula mawu anga omwewo pa foni yake,
mpaka kachifuwa kanga anakatengera.
Ndinakwiya sabata yathunthu.

Kenaka tsiku lina masana
lole ya kabichi inaima pakamwa pa kanjira.
Anatsitsa njinga yofiira, pambuyo pake bambo wa chipewa cha ubweya,
wochokera ku Domwe,
atalumpha amakaniko anayi panjira.

Ndinu aja a khe-khe-khe?
Zonse munanena ndachita.
Ichi chokha chandikanika.

Anakhala pa chigubu ngati tinakulira limodzi.
Sananenerere mtengo.
Ndikutsegula injini, manja ankandinjenjemera,
ine amene ndatsegula mazanamazana.

Anabwera ena. A ku Tsangano, a ku Calomue,
mphunzitsi, wa chipatala, anyamata a kabaza.
Si ambiri oti ndigule galimoto.
Ndi okwanira kuti mafuta ophikira asathe pakati pa mwezi.

Chimene sindimvetsa mpaka lero n'chakuti:
tsiku lina ndinavomera pa foni kuti
magetsi a njinga zatsopanozi sindiwadziwa,
pitani kwa Olinda, kuseri kwa pomwetsera mafuta.
Limenelo analimva anthu chikwi ndi mazana atatu.
Olinda ananditumizira nkhuku.
Amene ndinawathamangitsira kwa iye
akubwera kwa ine ndi mabuleki awo.

Kanjira ka mbuzi kali ndi mizere ya mateyala tsopano.
Chikwangwani chasuluka, DOKOTALA wangotsala TALA,
sindinachilembetsenso.

Mawa ndi Lachiwiri ndipo mutu uli mbee.
Cremilda wabwerera kusukulu, foni wandisiyira,
akuti ndizingomvetsera zimene obwera amafunsa.
Dzulo mayi wina wonyamula tomato
anafunsa chifukwa chake oyilo wake
waoneka ngati tiyi wamkaka.

Ndiyambira pamenepo.
Ndisambe kaye chala chimodzi chodinira.